Liwu la Chingerezi siliyenda lokha

Anzanga ambiri amene tikukonzekera limodzi mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS kuno ku Lusaka ali ndi makope odzaza ndi mawu ovuta, liwu kumanzere, tanthauzo kumanja. Ikafika nthawi yolemba nkhani, mawuwo amakana kubwera, kapena amabwera n'kukhala posayenera. Ine ndikuona kuti vuto lili pa kalembedwe ka kopelo, chifukwa tanthauzo lokha silikuuza kuti liwulo limagwirizana ndi mawu ati.

Tengani "commit". Mukatsegula Times of Zambia kapena Zambia Daily Mail pa nkhani za kukhoti, mulipeza lili pafupi ndi "offence" kapena "crime". Koma nduna ikanena kuti boma lili "committed to" kukonza misewu, liwu lomwelo lasanduka lonjezo, ndipo chasintha zonsezi ndi kachidutswa kamodzi kotsatira. Mvula ija imadzaza madzi m'nyumba za ku Kanyama mu Januwale amati "heavy rain", pomwe mphepo amati "strong wind". Mukasinthanitsa, womva amamvabe, koma wochonga mayeso amadziwiratu kuti mawuwa munangoloweza.

A. S. Hornby, amene ankaphunzitsa Chingerezi ku Japan, anaona zimenezi kalekale. Dikishonale yake inasindikizidwa ndi Oxford mu 1948, ndipo ndi imene lero tikuitcha Oxford Advanced Learner's Dictionary. Anailembera anthu ngati ife amene Chingerezi tinakachipeza kusukulu, n'chifukwa chake muli ziganizo zambiri zachitsanzo. Zimandiwawa ndikaona mnzanga akuwerenga mzere woyamba wokha n'kutseka bukulo, chonsecho phindu lonse lili m'zitsanzomo.

Kwa ofuna kuwerenga mabuku a ku yunivesite ya UNZA osapunthwa, pali mndandanda wa Academic Word List umene Averil Coxhead wa ku Victoria University of Wellington anatulutsa mu 2000. Muli mabanja a mawu 570, ndipo ndimaukonda chifukwa umaphunzitsa banja lonse pamodzi: "analyse", "analysis", "analytical".

Palinso nkhani ya malo oyankhulira. Anthu a ku Normandy, dera la ku France, atalanda England mu 1066, mawu ambirimbiri a Chifalansa analowa m'Chingerezi, ndipo mpaka lero ambiri mwa iwo ndi a m'maofesi ndi m'makhoti. "Buy" ndi la ku Soweto Market. "Purchase", lochokera ku Chifalansa, mulimva ku nyumba ya malamulo ku Manda Hill. Kalata yofunsira ntchito imafuna lachiwirilo, koma kuliyankhula kwa amayi ogulitsa tomato kungakhale kudzionetsera.

Masiku ano ndikakumana ndi liwu lachilendo m'nyuzipepala ndili m'minibasi yochokera ku Chilenje, ndimakopera chiganizo chonse. Madzulo ndimapanga changa, cha kuzimazima kwa magetsi kapena mtengo wa ufa, ndipo Loweruka timawerengerana ndi anzanga mokweza kuti aliyense anene pamene pakumukhumudwitsa khutu.