Chiliza cha agogo chatsekeredwa chifukwa cha mlandu wa anthu ena

Mabizinesi awiri osema ziliza muno mu Lilongwe akokerana kukhoti, ndiye mwala wa agogo athu uli mkati mwa mpanda wa mmodzi wa iwo, dzina ndi vesi zinalembedwa kale, koma kuutenga sitingathe.

Mkulu amene tinamupatsa ntchitoyu anakhala nthawi yaitali kwa bwana wina, kudula granite, kupolisha, kulemba zilembo, zonse anaphunzirira komweko, kenako anachoka nkukatsegula yake mumsewu womwewo, dzina langati lomwelo kungowonjezera kaliwu kamodzi. Bwana wakaleyo akuti wandibera dzina, makasitomala ndi makina odulira, basi loya wake anakatenga injakishoni. Geti analoka.

Ine bwana ujayu ndikumumvetsa ndithu, dzina la bizinesi munthu amalivutikira, anthu amabwera chifukwa anaona chiliza chako kumanda kwinakwake chili bwinobwino osang'aluka. Komanso ambiri amangolembetsa dzina la bizinesi kwa Registrar General nkumaona ngati atetezeka, pomwe trademark, chizindikiro cha malonda chotetezedwa ndi lamulo, ndi nkhani ina, ili ndi lamulo lakelake la 2018. Ameneyo mlandu awutsate, ndi ufulu wake.

Koma nanga ife talakwa chani? Dipoziti tinasonkha banja lonse, achimwene ku Joni anatumiza, azakhali anagulitsa mbuzi, ndipo granite wakuda uja sizotchipa ayi, wina amachokera kutali ngati ku Mutoko ku Zimbabwe kapena Rustenburg ku South Africa, ndiye chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 kuti tikaodenso kwina ndalama yomwe ija siyingakwane olo pang'ono.

Chomwe chikundiwawa kwambiri ndi nthawi. Timafuna timange mvula isanayambe, amalume anauza kale amfumu kumudzi ku Dedza, abusa anavomera tsiku, azimayi anayamba kukonola chimanga. Mvula ikangogwa lole siyingafike kumanda kuja. Maloya akuti ku High Court milandu yambiri imayamba yadutsa ku mediation kuti mwina anthu amvane, zabwino, koma pa tebulo limenelo pakhala eni mabizinesi awiriwo, ife ofedwa kulibe wotiyankhulira, ndipo si ife tokha, mumpandamo muli miyala ya mabanja enanso.

Amalume asonkhanitsa malisiti onse, Lolemba akukaonana ndi loya kuti apemphe khoti lilole miyala yomwe eni ake analipira kale ituluke. Ngati wanunso uli momwemo tiuzane, tipitire limodzi.