Lachitatu: boon si bonasi

Zimene takambirana mu sitafu lero zikundizungulirabe m'mutu. Mwana wa Folomu 4 walemba m'chimangirizo kuti bambo ake analandira "a boon" pamwamba pa malipiro a Disembala, ndipo mphunzitsi mnzanga wachonga. "Madamu, boon ndi bonasi n'chimodzimodzi, musamuvutitse mwanayu," akutero. Si chimodzimodzi, ndipo mwanayu akulemba MSCE chaka chino.

Bonasi ndi chowonjezera pa chimene ukulandira kale, kaya malipiro kaya mayunitsi a foni, ngati basela amene mayi wa tomato amaika pamwamba pa mulu. Amawerengeka, ndipo pali wina amene wasankha kukupatsa. Boon ndi chinthu chimene chafika n'kupeputsa moyo wa anthu: mjigo pamudzi pomwe amayi ankatunga madzi kudambo, mlatho, mvula yoyamba itachedwa. Sachiika m'envelopu.

Ndawapempha aone mmene chiganizo chimamangidwira. Boon ndi dzina. Kawirikawiri "a" amatsogola, kenako boon, kenako "to" kapena "for", pomaliza amene wapindulayo: "The borehole is a boon to the village." Ana amagwa pomwepa. Akaona "to" amathamangira kuika mneni, n'kulemba "a boon to fetch water", wopindula uja n'kusowa. Ena amasiya "a" poti Chichewa chilibe kamawu kotero. Ena amalemba "boom", komwe ndi kukwera kwa malonda mwadzidzidzi. Potchula, "oo" uja ndi u wokoka, buun. Ukamutchula ngati o, womvera amamva "bone" kapena "born".

"Nanga si onsewa ndi achilatini?" Ayi, aphunzitsi. Bonus ndiye wachilatini, kutanthauza chabwino. Boon analowa m'Chingerezi kuchokera ku chilankhulo chakale cha anthu a ku Scandinavia, komwe "bón" linali pempho kapena pemphero. Patapita nthawi tanthauzo linasuntha, kuchoka pa kupempha kupita pa chimene wapatsidwa. N'chifukwa chake amakwanira pa zinthu zimene anthu anazilira nthawi yaitali. Uja wa "boon companion", bwenzi la pamtima, ndi wina, wochokera ku Chifalansa.

Anangogwedeza mutu belu litalira. Mwina anamva, mwina ayi.

Madzulo ano mkwiyo wanga suli pa iwo kwenikweni. Chikundiwawa n'chakuti timapatsa ana mndandanda wa mawu akuluakulu kuti aloweze, tanthauzo limodzi pambali, popanda chiganizo ngakhale chimodzi. Sitiwauzanso kuti boon amapezeka kwambiri m'nyuzipepala ndi m'malipoti kusiyana ndi pocheza. Mwana amangofuna kusangalatsa wochonga, ndiye amaponya mawuwo paliponse pamene pali chinthu chokoma. Mndandanda womwewo uli ndi "bane", wotsutsana ndi boon, mizere iwiri yokha pamwamba pake, ndipo ndikuopa kutsegula makope a 4B.