Msewu wa 61 ndi nyimbo ya sipika yong'ambika

Kuchoka ku Clarksdale, m'chigawo cha Mississippi ku America, kukafika ku Memphis m'chigawo cha Tennessee pali mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Msewu wake, Highway 61, ndi wowongoka moti woyendetsa atha kuwodzera. Uku minda ya thonje, uko minda ya thonje, dziko lathyathyathya lopanda ndi kachulu komwe. Ankayendetsa ndi alamu anga amene amagwira ntchito ku Tennessee, ndipo njira yonse ankandiseka. "Alamu, mwachoka kutali konseko kudzaona phula basi?" Ndinawauza kuti phula lomweli ndi limene anyamata a bandi ya Kings of Rhythm anadutsapo mu Marichi 1951, atapanikizana m'galimoto ndi zida zawo, kukajambula nyimbo ya "Rocket 88", imene ena amati ndiyo yoyamba ya rock and roll.

Ku Clarksdale tinayamba taima pa Riverside Hotel, nyumba yakale ya njerwa pamsewu wa Sunflower. Kale inali chipatala cha anthu akuda, ndipo ndi m'menemo mmene woimba wotchuka Bessie Smith anamwalirira mu 1937 atachita ngozi pa msewu wa 61 womwewu. Itasanduka nyumba yogona alendo, oimba akuda ambiri ankafikira pamenepo chifukwa mahotela a azungu sankawalandira. Ike Turner, mwana wa m'tauni yomweyi, anakhalapo. Pa nthawi ya nyimboyi n'kuti ali ndi zaka 19 zokha, koma bandi inali yake.

Nkhani yomwe aliyense amaikonda ndi ya ampulifaya ya Willie Kizart, woimba gitala. Ena amati inagwa kuchoka pa denga la galimoto, Ike ankati inanyowa ndi mvula m'buti. Chimene onse amagwirizana n'chakuti inafika ku Memphis sipika yake itawonongeka. Ndalama yogulira ina panalibe, ndiye anaiphatika mapepala mkati n'kuyatsa. Gitala inatuluka yasasa mawu, ikunjenjemera ngati sipika ya pa chinkhoswe imene yaimba usiku wonse. Katswiri wina wojambula akanawabweza. Sam Phillips, mwini situdiyo yomwe anakajambulirako, anamvetsera, nati zikhale choncho. Lero oimba gitala amachita kulipira ndalama kugula timakina totulutsa phokoso lomwelo.

Situdiyoyi ili pa 706 Union Avenue, ndipo simungaiphonye chifukwa panja pake papachikidwa chigitala chachikulu. Phillips anaitsegula mu Januwale 1950 pa dzina la Memphis Recording Service, ndipo kuti apeze ya lendi ankajambula mawu pa zochitika zilizonse, maukwati ndi maliro omwe. Chipinda chojambuliracho n'chaching'ono kwambiri, makoma ndi denga zili ndi matailosi oyera aja akale. Ndinaima pakati ndikuyesa kuwerengera: piyano ya Ike, ng'oma za Willie Sims, Kizart ndi ampulifaya yake, Raymond Hill wa zaka 17 ndi saxophone, kenako Jackie Brenston pa maikolofoni akuimba zotamanda galimoto ya Oldsmobile yotchedwa Rocket 88. Kaya ankapuma bwanji.

Alendo anzanga ambiri anadzera Elvis Presley. Anafola mzere kuti ajambulitse atagwira maikolofoni yakale, ndipo sindiwada, nanenso ndinajambulitsa. Koma Elvis analowa m'chipinda chimenechi koyamba mu 1953, nyimbo ya anyamata a ku Clarksdale itamveka kale dziko lonse.

Mu 1951 Phillips analibe kampani yakeyake yotulutsa zimbale, choncho nyimboyi anaitumiza ku Chess Records ku Chicago. Chimbale chitatuluka, panalembedwa kuti "Jackie Brenston and his Delta Cats". Bandi ya dzina limeneli kunalibe, anali anyamata a Ike omwe aja. Pofika Juni chinali pa nambala 1 pa mndandanda wa magazini ya Billboard wa nyimbo za R&B, ndipo chinakhala pamenepo masabata asanu. Chaka chomwecho mzungu wina woimba nyimbo za country, Bill Haley, anaijambulanso ndi bandi yake, ndipo ndi iyeyu amene patapita zaka zochepa anadzatchuka ndi rock and roll mpaka ku Ulaya. Phillips naye anaona kuti phindu lenileni likupita kwa ena, ndiye mu 1952 anayambitsa Sun Records.

Wotiyendetsa m'situdiyomo ananena motsimikiza kuti iyi ndiye nyimbo yoyamba ya rock and roll. Ine pamenepo ndimakayika pang'ono. Mukamvera "Cadillac Boogie" ya Jimmy Liggins ya mu 1947, mumva kuti anyamatawa anali ndi poyambira. Chatsopano chinali ukali wa gitala ija ndi liwiro la achinyamata oimba ngati akuthamangitsidwa. Zoti ndi yoyamba zimathandiza kugulitsa matikiti.

Chimene chinandikhala pamtima tikutuluka ndi mmene zinathera kwa eni ake. Ike ankanena kuti pa nyimboyi analandira madola 20 okha, ndipo dzina lake silinaoneke pachimbale. Brenston, ataona kuti watchuka, anachoka m'bandimo kukayima payekha, koma sanatulutsenso nyimbo ina yogunda. Patapita zaka anabwerera kwa Ike yemweyo kukaimba saxophone ngati waganyu. Kenako anasiya zoimba n'kumayendetsa mathiraki, mowa utamulowerera. Anamwalira mu 1979 mu Memphis momwemu.