Injini ikamangotentha m'misewu ya kumafamu

Land Cruiser kapena Hilux yoyenda m'misewu ya kumafamu a fodya ku Kasungu ikamangotentha, musathamangire kumasula hedi (mbali ya pamwamba ya injini). Yambani ndi radiyeta, injini itazizira. Njere za udzu ndi matope zimamata timipata take, mphepo osadutsa. Thirani madzi kuchokera mbali ya injini kuti zinyalala zitulukire kutsogolo.

Kenako fani. Zimitsani injini ili yotentha, muzungulitse faniyo ndi dzanja. Ikamazungulira mopepuka, kilatchi yake yatha.

Thermostat (kachitseko kotsegula ndi kutseka njira ya madzi oziziritsa injini) iviikeni m'madzi owira, iyenera kutseguka. Koma chonde musaichotseretu. Madzi a pamjigo amasiya zoyera zolimba m'mapaipi, choncho pothira m'radiyeta sakanizani coolant (mankhwala oziziritsa injini) ndi madzi a distilled (opanda mchere uliwonse), theka ndi theka.

Tsegulani chivindikiro cha radiyeta injini ili yozizira, muilize. Thovu likamatuluka osaleka, kawirikawiri ndiye kuti gasiketi ya hedi yapsa.