Mapazi akakanirira pakhomo: sabata yanga ya mafizo ku Joni

June si mwezi wabwino kwa odwala anga kuno ku Johannesburg. Chisanu chikalowa, okalamba safuna kutuluka m'bulangete, ndipo munthu wa matenda a Parkinson, aja a mu ubongo onjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi, akagona masiku angapo osayenda, miyendo imachedwa kubwereranso. Ntchito yanga ndi ya mafizo. Ndimayendera okalamba m'makomo mwawo, ena kumalo kumene amasungidwa, kuti apitirize kudzuka okha, kuyenda okha ndi kupita kuchimbudzi okha.

Lolemba ndinali ku Rosettenville, kwa agogo aamuna a kwawo ku Ntchisi, amene anabwera kuno nthawi ya Theba kudzagwira ntchito kumigodi n'kukhazikika. Pabalaza amayenda bwinobwino, kungoti amakhwekhwereza mapazi, koma akafika pakhomo la kubafa mapazi amakanirira pansi ngati apondera pa ulimbo. Thupi limapendekera kutsogolo, miyendo ili phee, ndipo apa m'pamene ambiri amagwera. Apongozi awo, amene amawasamalira usana ndi usiku, ankawagwira dzanja n'kuwakoka.

"Achemwali, musamawakoke," ndinatero. "Mukakoka, mutu umatsogola, mapazi n'kutsala."

"Nanga ndingowayang'ana bambo ataima pamenepo?"

Funsoli n'lachikondi, ndiye ndinakhala nawo pansi n'kuwafotokozera. Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa substantia nigra, kamene maselo ake amapanga dopamine, mankhwala achilengedwe othandiza thupi kuyenda bwino. Maselowa akamafa, kuyenda kumene tonsefe timachita osaganizako kumasokonekera. Koma ubongo umakhala udakali ndi njira ina, yoyenda motsatira chimene maso akuona kapena makutu akumva. Ndinamata mizere ya tepi yowala pansi, kuyambira pakhonde kudutsa pakhomopo, ndipo ndinawauza agogo kuti asaganize zoyenda, angolumpha mzere umodziumodzi. Analumpha iwiri n'kuimanso.

Ndiye ndinawafunsa gule amene ankavina ali mnyamata. Nkhope ya munthu wa Parkinson sionetsa zambiri, minofu yake imauma, koma maso anawala. Mganda. Ndinayamba kuomba m'manja motsanzira ng'oma, iwo akuwerenga chapansipansi, phazi lamanzere linanyamuka, lamanja n'kutsatira, mpaka analowa kubafa mawondo akukwera m'mwamba. Apongozi aja anagwira pakamwa. Matendawo sanachoke, ndipo ndinawauza zimenezi poyera. Kungoti tsopano pakhomo paja pali chochita china kupatula kukoka.

Lachiwiri linandipweteka mtima. Ndinali kunyumba ina yosungirako okalamba chakumpoto kwa mzindawu, kukayeza amene ali pachiopsezo chogwa. Muyeso wake ndi wosavuta: munthu amadzuka pampando, kuyenda mamita 3, kutembenuka, kubwerera n'kukhalanso, ife tikuyang'ana wotchi. Akafika masekondi 12 kapena kuposa, timadziwa kuti tiyenera kumusamala. Mayi wina amene mwezi watha ankayenda yekha ndi choyendera chake ndinamupeza panjinga ya olumala. Sanadwale, sanagwe. Kungoti kuchipinda chodyera n'kutali, ndipo kukankha njinga n'kwachangu kusiyana ndi kudikira munthu woyenda pang'onopang'ono. Sindiwada osamalirawo. Ambiri ndi abale athu a ku Malawi ndi ku Zimbabwe, amagwira ntchito maola ataliatali, mmodzi kusambitsa ndi kudyetsa anthu ambirimbiri. Mlandu uli pa amene amalemba antchito ochepa. Komabe njinga imeneyo ikudya miyendo ya mayiyo tsiku ndi tsiku, ndipo ndinalemba m'buku lawo kuti ulendo wa ku chakudya chamasana aziyenda wapansi, njinga izibwera m'mbuyo.

Lachitatu ndinapita ku Cosmo City, kwa agogo aakazi amene mwana wawo anakawatenga ku Zomba. Kumudzi, dzanja litayamba kunjenjemera ndi mawu kuchepa, anthu anati alodzedwa, ndipo mbuzi zinathera kwa asing'anga. Sindinyoza banjali, linkafunafuna moyo wa mayi wawo. Ndimangowauza kuti matendawa ndi akale ndipo ali paliponse: dokotala wa ku London, James Parkinson, anawafotokoza mu 1817, ndipo bungwe la WHO linati mu 2019 anthu oposa 8.5 miliyoni padziko lonse anali nawo.

Dandaulo linali lakuti mankhwala asiya kugwira. Nditafunsa bwinobwino, ndinapeza kuti agogowa amamwa levodopa, mankhwala awo a Parkinson, atangotha kudya nsima ya nyemba kapena nyama, nthawi zina n'kutsitsira mkaka. Zakudya zomanga thupi zimalimbirana njira ndi mankhwalawa m'matumbo, motero kwa odwala ena ofika ku ubongo amachepa. Kusintha mankhwala si gawo langa, ndiye ndinalembera kalata dokotala wawo kuti aunikenso nthawi yomwera. Langa ndi kusankha ola la mafizo. Timachita pamene mankhwala agwira, thupi litamasuka, osati pamene akutha mphamvu. Ndinawaphunzitsanso kuti akadzuka m'mawa ayambe akhala kaye m'mphepete mwa bedi, chifukwa matendawa komanso mankhwala ake amatha kutsitsa BP munthu akaimirira mwadzidzidzi, chizungulire n'kumugwetsa. Kakapeti kokongola ka pafupi ndi bedi tinakapinda n'kukaika pamwamba pa wadiropu.

Lachinayi linathera pa malipoti ndi mdipiti wa magalimoto pamsewu waukulu wa N1.

Pali ndondomeko ina yotchedwa LSVT BIG, yophunzitsa odwala kuchita chilichonse mokulitsa: kuponda motalikitsa, kutambasula manja mpaka kumapeto, chifukwa kwa iwo kaphazi kakang'ono kamamveka ngati kokwanira. Imafuna maulendo 16 pa masabata 4, ola lathunthu ulendo uliwonse. Ndi yabwino, koma mabanja ambiri amene ndimawayendera amadalira maganyu ndi ntchito za m'nyumba, sangakwanitse. N'chifukwa chake theka la nthawi yanga ndimaphunzitsa wosamalira, poti iyeyo ndiye amakhalapo ine ndikachoka.

Lachisanu ndinabwerera ku Cosmo City kukaphunzitsa mdzukulu wa agogo aja, mtsikana wa sekondale, zochita agogo akagwa. Ndinagona pansi ineyo kuti aone. Choyamba osathamangira kunyamula: funsa ngati pali popweteka, makamaka m'chiuno kapena kumutu, ndipo ngati palipo, afunditse bulangete n'kuitana thandizo. Ngati palibe, agogo atembenukire chammbali, agwade, akwawe mpaka pampando wolimba, aike manja pamenepo, aponde ndi phazi limodzi, akwere pang'onopang'ono n'kukhala. Kenako inali nthawi ya agogo eni ake. Anakana kaye.

"Mwanangu, ukufuna ndikwawe pamaso pa mdzukulu wanga?"

"Agogo, bola mukwawe lero tili pompano, kusiyana n'kugona pasimenti yozizira mpaka anthu aweruke kuntchito."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapempha kuti titseke chitseko. Zinatenga nthawi, mtsikana uja manja akumuyabwa kufuna kuwadzutsa, ine ndikumuletsa ndi maso. Atakhala pampando, akupuma mwawefuwefu, anauza mdzukuluyo kuti akawateleke tiyi, ndipo tinapangana kuti azibwereza zimenezi Loweruka lililonse mwana wawo ali pakhomo.