Mbaula yachitatu yatuluka yopanda mng'alu

Lero m'mawa ndatulutsa mu uvuni mbaula yanga yachitatu ya dongo, ndipo nditaigogoda ndi chala yalira bwino ngati mbiya yopsa. Ndinayamba kuumba mbaula chaka chatha kuno ku Mangochi, osati kuti ndizigulitsa, koma chifukwa nkhuni zakwera mtengo ndipo utsi wa pamafuwa unkatikhetsa misozi tsiku ndi tsiku.

Yoyamba ndinaiyanika padzuwa la mu Okutobala, ndipo aliyense wodziwa kutentha kwa kunyanja kuno mwezi umenewo sangadabwe kumva kuti inang'aluka tsiku lachiwiri lomwe. Agogo ena oyandikana nafe, amene akhala akuumba mbiya kuyambira ali mtsikana, anatola chibenthu n'kuchifikisa ndi zala, kenaka anati, "Mwanangu, dongo lanuli ndi lomata kwambiri. Musinjiremo mapale, ndipo muziyanika pamthunzi mutafunditsa."

Yachiwiri sinang'aluke, koma ndi imene inandichititsa manyazi. Ndinaisalaza mpaka kunyezimira, ndipo timiyendo titatu tokhazikapo poto ndinatipanga tozungulira pamwamba kuti tioneke bwino. Amayi a kunyumba kuno atayamba kuvundula nsima, poto anayamba kuterereka nthawi iliyonse imene mthiko wakankha, mpaka anachita kumugwira ndi chiguduli dzanja lina. Anangoti, "Bambo, mbaula yanuyi mwaumbira tiyi, osati nsima." Mwera utayamba kuomba mu Juni, vuto lina linaonekera: khomo loikira nkhuni linali lalikulu kwambiri, choncho mphepo inkakankhira malawi kumbali ndipo nkhuni zinkatha poto asanawire.

Zolephera ziwirizi ndi zimene zinandipangitsa kuyamba kuwerenga za kafukufuku wa kapangidwe ka zinthu, kapena kuti dizaini. Poyamba ndinkaganiza kuti imeneyi ndi ntchito ya akatswiri ojambula mapulani a nyumba ndi magalimoto okha. Koma Herbert Simon wa ku America, amene pambuyo pake analandira mphotho ya Nobel mu 1978, analemba mu 1969 kuti munthu aliyense amene akulinganiza njira yosinthira mmene zinthu zilili kuti zikhale mmene akufunira, akuchita kale ntchito imeneyi. Akatswiri anakumana ku London mu 1962 kukambirana njira zopangira zinthu, ndipo mu 1966 bungwe la Design Research Society linakhazikitsidwa ku Britain.

Amene wandithandiza kwambiri ndi Nigel Cross wa ku yunivesite ya Open University ku Britain, yemwe anafotokoza kuti nzeru za kapangidwe zimapezeka malo atatu: mwa anthu, m'njira zimene amatsata pogwira ntchito, komanso m'zinthu zimene apanga. Kope langa linali lodzaza ndi miyeso ya chinthu chokhacho. Za zala za agogo zija, zimene zimadziwa dongo popanda sikelo, ndiponso za mphamvu ya mthiko nsima ikayamba kulimba, sindinalembepo ngakhale mzere umodzi. M'maganizo mwanga, wosema bwato ku Malindi kapena mayi amene akukweza thandala kuti agalu asafikire usipa nayenso ali m'gulu la anthu odziwa kapangidwe ka zinthu, ngakhale kuti palibe amene amawafunsa chifukwa chimene asankhira msinkhu umenewo.

Pa mbaula yachitatuyi ndachepetsa khomo kuchoka pa masentimita 15 kufika pa 11, timiyendo ndatiphwatalalitsa n'kutikanda ndi chitsononkho kuti tisaterere, ndipo ndinaiyanika m'nyumba kwa masiku 21. Kunja kwake sikukongola ngati yachiwiri ija, koma zimenezo sizikundidetsanso nkhawa.

Loweruka ndidzayeza nkhuni pasikelo, n'kuwiritsa malita 2 a madzi pamafuwa ndi pambaula kuti ndione kusiyana kwake. Madzulo ake amayi avomera kudzaphikapo nsima ya anthu asanu, ndipo ine ndidzakhala pambali ndi kope, maso ali pa poto.