Mukasaka zithunzi za mabwinja a Amaya ndi Aaziteki, khadi la ku banki lisatuluke m'chikwama

Zithunzi zili pakhoma tsopano, ntchito yatha, ndiye ndati ndilembe mkwiyo ukadali wotentha.

Kalabu ya mbiri yakale pasukulu pathu imakonza chionetsero cha kumene chimanga chinachokera. Ana ambiri ankati chimanga n'cha makolo athu kuyambira kalekale, pomwe chinayamba kulimidwa kumwera kwa Mexico zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo ku Africa kuno chinafika mochedwa, zaka za m'ma 1500, pa zombo za Apwitikizi. Atamva zimenezi anati, "Aphunzitsi, tione nawo mizinda ya anthu amenewo." Ndi mmene ndinalowera m'ntchito yosaka zithunzi za mabwinja a Amaya ndi Aaziteki, mitundu yakale ya ku Mexico ndi madera oyandikana nayo, zoti zikapulintidwa papepala lalikulu zioneke bwino.

Za kutsegula foni n'kupita posakira sindinena, aliyense amadziwa. Nkhani ili pa chimene mukulembacho. Lembani dzina la malo enieniwo. Mukalemba "Aztec pyramid" kapena "Mayan ruins" mutuluka ndi chisokonezo. Masamba ambirimbiri amaika chithunzi cha chipiramidi cha ku Teotihuacan n'kulemba pansi pake kuti n'cha Aaziteki. Bodza limenelo. Mzindawo, umene uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Mexico City, unali pachimake pakati pa zaka za 100 ndi 550, ndipo Aaziteki anaupeza uli kale bwinja. Chawo pamenepo ndi dzina lokha limene anaupatsa. Chimodzimodzi chimwala chozungulira chija cha nkhope yotulutsa lilime pakati, chimene anthu ankatumizirana mu 2012 ati kalendala ya Amaya yatha, dziko likutha. N'cha Aaziteki chimenecho. Anachifukula mu 1790 pabwalo lalikulu la Mexico City lotchedwa Zócalo, ndipo lero chili ku Museo Nacional de Antropología. Mukachipachika pansi pa mutu wa Amaya, mwana wochenjera akuchititsani manyazi pamaso pa makolo.

Kwa Amaya, maina oyambira ndi Tikal ku Guatemala, Copán ku Honduras, Caracol ku Belize, ndiye Palenque, Uxmal, Calakmul ndi Chichén Itzá ku Mexico. Mukaika mawu a Chisipanishi akuti "zona arqueológica" patsogolo pa dzinalo, zithunzi za mahotela ndi za alendo ovala zipewa zimachepa, n'kumabwera miyala yeniyeni.

Tsopano za ndalama yanga. Ndinkafunitsitsa chithunzi chakale cha Palenque, chopanda makaka, chojambulidwa nkhalango ikadali yomera pamwamba pa nyumbazo, kuti ana aone mmene tchire limamezera mzinda. Ndinachipeza pa tsamba lina logulitsa zithunzi, chili ndi chidindo chawo chodutsa pakati penipeni. Iwo ati yesani mwaulere, ingoikani nambala ya khadi, mukasiya nthawi yoyesa isanathe simulipira kanthu. Ndinatenga chithunzicho, ndinasiya tsiku lomwelo, uthenga wotsimikiza kuti ndasiya n'kubwera. Mwezi utatha foni yalira: ndalama yadulidwa, m'madola, yoti ikanagula thumba la chimanga n'kutsalako ya kuchigayo.

Mukawalembera, amakuyankhani ndi makina. Mufotokoze vuto lonse, akutumizirani tsamba la mafunso ndi mayankho. Muti ndikufuna kulankhula ndi munthu, akufunsani ngati mwathandizika, ati dinani kankhope komwetulira kapena kokwiya. Ndinadina kokwiyako mpaka chala kuwawa. Kenako ulendo wa ku banki. Ndinapempha chilolezo kwa ahedi, kukwera minibasi m'mamawa, kukafika mzere watulukira kale pakhonde. Nditafika pawindo, mayi wa pamenepo anangoti, "Bambo, izi si za pano, kaonaneni ndi a makhadi." A makhadiwo atuluka. Atabwera, netiweki yagwa. Netiweki itabwera, ati fomu yodandaulira imafuna umboni wa papepala, wa pafoni salandira. Ndatuluka kukasaka populintira, malo oyamba magetsi kulibe, malo achiwiri inki yatha, pobwerera ndapeza alonda akukoka chitseko. Tsiku lathunthu ana a Folomu 3 ali okha m'kalasi chifukwa cha chithunzi chimodzi!

Koma chondipweteka kuposa ndalamayo ndi ichi. Chithunzicho anajambula ndi Alfred Maudslay, Mngelezi amene anayenda m'mabwinja a Amaya zaka za m'ma 1880 ndi 1890 ndi kamera yojambula pa magalasi, ndipo anamwalira mu 1931. Magalasi akewo amasungidwa ku British Museum, ndipo mogwirizana ndi Google Arts & Culture anaika zithunzizo poyera kuti aliyense azione. Zina zili pa Wikimedia Commons, tsamba losungira zithunzi zaulere, zopanda chidindo chilichonse. Ndiye kuti anthu aja anangotola chaulere, kudindapo dzina lawo, n'kundigulitsa ine. Khadi lisatuluke m'chikwama, abale. Wina akati "mwaulere" koma akufuna nambala ya khadi, tsekani tsambalo.

Yambirani pa Wikimedia Commons. Lembani dzina la malo, tsegulani chithunzi chimodzi chilichonse, tsikirani pansi mpaka mupeze pamene pali magulu a zithunzi, amalemba kuti "Categories". Mukadina pamenepo mumalowa m'gulu lonse la malowo, ndipo malo otchuka anawagawa kachisi ndi kachisi. Pa Palenque mupeza payokha Templo de las Inscripciones, kachisi amene mkati mwake katswiri wofukula zakale Alberto Ruz anapezamo manda a mfumu Pakal mu 1952. Pakal ameneyu analamulira kuchokera mu 615 mpaka 683, zaka 68, ndipo ana anachita kundifunsa kawiri ngati ndawerenga bwino. Pa Chichén Itzá pali El Castillo, piramidi ya masitepe 91 mbali iliyonse mwa mbali zake zinayi, ndipo mukawonjezera nsanja ya pamwamba zimakwana 365. Mukaona chithunzi cha anthu akukwera masitepewo, n'chakale, masiku ano saloleza.

Samalani bandulo. Pansi pa chithunzi pamakhala masaizi angapo. Poonera sankhani yaing'ono, ndipo "Original file" muidine pokhapokha mwatsimikiza kuti ndi chimene mukapulinte, chifukwa zina n'zolemera zedi. Pa pepala la A3 ine ndinatenga zokhazo zimene mbali yaitali ili ndi mapikiselo 3,000 kapena kuposa. Potumiza kwa wopulinta pa WhatsApp, tumizani ngati dokumenti, apo ayi chimachepetsedwa, mukachiona papepala zilembo za pamiyala zasanduka timabokosi. Bola kungonyamula pa fulashi. Onaninso laisensi. Pakalembedwa "public domain" kapena CC0, chitani nacho mmene mukufunira. Pakalembedwa CC BY kapena CC BY-SA, lembani dzina la wojambula ndi laisensiyo pansi pa chithunzi. Ntchito imeneyi ndinawapatsa ana, azolowere kulemekeza thukuta la wina.

Ndatsala pang'ono kuiwala Aaziteki, amene anandidyera nthawi yambiri ndisanafike n'komwe pa za khadi zija. Zithunzi za mabwinja awo n'zochepa poyerekeza ndi za Amaya, ndipo chifukwa chake chilipo. Likulu lawo, Tenochtitlan, linamangidwa pachilumba cha m'nyanja ya Texcoco mu 1325, linagonja kwa mtsogoleri wa asilikali a Asipanya, Hernán Cortés, mu 1521, ndipo Asipanya anamanga Mexico City pamwamba pake, pena ndi miyala yomweyo. Kachisi wawo wamkulu, Templo Mayor, anayamba kufukulidwa mwamphamvu mu 1978, anthu ogwira ntchito ya magetsi atagunda chimwala chosemedwa cha mulungu wamkazi Coyolxauhqui, ndipo anatsogolera ntchitoyo ndi Eduardo Matos Moctezuma. Chimene mungaone lero ndi maziko, masitepe odukaduka ndi mitu ya njoka yosema, pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha mumzindamo.

Choncho mukaona chithunzi cha mzinda wa Aaziteki wathunthu, makachisi opakidwa utoto, mabwato ali yakaliyakali m'ngalande, dziwani kuti si cha kamera. Zina anajambula akatswiri motsatira zimene zinafukulidwa, ndipo n'zothandiza, bola mulembe pansi pake kuti n'chongoyerekeza. Koma zina ndi zinyalala za AI, zopekedwa ndi kompyuta, zimene zadzaza masiku ano: masitepe osapita kulikonse, mapiramidi osongoka ngati a ku Egypt ali m'nkhalango, zilembo zopanda mutu. Mukakayika, chiikeni mu Google Lens kapena TinEye muone kumene chinachokera. Chopanda dzina la malo ndi la wojambula, chisiyeni ngakhale chikongole bwanji.

Apanso mankhwala ndi omwe aja, lembani dzina la malo. Tlatelolco, Tenayuca, Malinalco kumene kuli kachisi wosemedwa m'thanthwe, ndi Santa Cecilia Acatitlan, kapiramidi kakang'ono kamene anakakonzanso n'kuikapo kachisi pamwamba, ndiye mwana amatha kuona mmene zinkaonekera. M'malo mwa "Aztec" yesaninso "mexica", chifukwa ndi mmene mabungwe a ku Mexico amalembera kawirikawiri. Mawu amenewa amathandiza kwambiri pa Mediateca ya INAH, bungwe la boma la Mexico losamalira mabwinja, kumene kuli zithunzi zakale zochuluka. Tsambalo ndi la Chisipanishi, koma foni imamasulira zokwanira kuti mudziwe chimene mukuona. Amene mukufuna kudinda zithunzi za mabwinja a ku Mexico pa malaya kapena pa china chogulitsa, dziwani kuti malamulo a kumeneko amafuna chilolezo cha INAH. Zathu zinali za m'kalasi basi.

Chithunzi chimene makolo anaimapo nthawi yaitali sichinali cha piramidi ayi. Chinali cha mulungu wa chimanga wa Amaya, chosema cha ku Copán cha m'chaka cha 715, mnyamata wa tsitsi longa ndevu za chimanga, manja ali m'mwamba ndi pansi. Chili ku British Museum, ndipo mukalemba "Maya maize god Copán" chimabwera msanga. Pambali pake tinaika Chicomecóatl, mulungu wamkazi wa chimanga wa Aaziteki, amene amamusema atanyamula zisononkho zodzaza m'manja. Zosema zoterezi yang'anani pa masamba a nyumba zosungiramo zinthu zakale, osati kwa ogulitsa zithunzi. Metropolitan Museum of Art ya ku New York inatsegula zithunzi zake zambiri kwaulere kuyambira mu 2017, zazikulu bwino, ndipo pambali pa chilichonse amalemba kumene chinachokera ndi zaka zake, zimene zimakupulumutsani pa ntchito yolemba mawu a pansi pa chithunzi.

Ku banki kuja fomu anailandira ulendo wotsatira, umboni uli papepala mmene ankafunira, ati ndidikire adzandiimbira. Ndinawauza atseke khadilo andipatse lina kuti anthu aja asadzadulenso mwezi wamawa. Anatseka, ndipo pa khadi latsopanolo anandidulanso.